ANA A KU MAKHANGA, PAKATI PA SHIRE NDI RUO

Madzi amene amadutsa pansi pa mlatho wa pa boma la Mangochi, omwe amayi amachapira ndipo ana amasambamo madzulo aliwonse, ulendo wake suthera pa Malombe kapena pa Liwonde ayi. Amatsetsereka m'mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira kumene amatipangira magetsi, kenaka amafika ku chigwa chotentha cha Chikwawa ndi Nsanje akuyenda mwachifatse ngati otopa. Kumeneko, pafupi ndi Chiromo, Shire amakumana ndi mtsinje wina waukali wotchedwa Ruo, umene umachokera m'phiri la Mulanje ndipo umachita malire a dziko lino ndi Mozambique. Pamphambano ya mitsinje iwiriyi, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje, ndi pamene pali Makhanga.

Ambiri a ife dzinali tidalimvera pa wailesi, ndipo nthawi zonse limabwera limodzi ndi mawu akuti madzi osefukira, mahema ndi helikopita. Madzi akaphwa atolankhani amalongedza n'kubwerera ku Blantyre, dzinalo n'kuzilala mpaka dzinja lina. Koma ana a m'midzi imeneyi sabwerera nawo. Amatsala komweko, amakula, amapita kusukulu kapena kulephera kupita, amadwala, amasewera, ndipo ena amakwatiwa msanga. Inu awerengi athu a m'mbali mwa nyanja mupeza kuti zambiri za moyo wawo mukuzidziwa kale, popeza nanunso ana anu amakulira pa bwato, pa ukonde ndi pa mchenga. Kusiyana kwake n'kwakuti nyanja imakhala pamalo ake, pamene mitsinje ya ku Makhanga imasamuka.

KUDALI SITIMA

Kale Makhanga sadali malo obisika. Njanji yoyamba m'dziko lino, imene idatsegulidwa mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kukafika ku Blantyre, idadzera pa Chiromo ndi pa Makhanga pomwe. Pa Chiromo padali doko la sitima za pamadzi zochokera ku Zambezi. Boma lidakhazikitsanso pa Makhanga malo ofufuzira za ulimi, makamaka wa thonje. Mwana wa kumeneko wa m'zaka za m'ma 1970 ankaidziwa bwino sitima, ankathamangira kusiteshoni ndi lichero la nsomba zowamba kapena mbatata yophika, ndipo m'bale wake akakhoza mayeso ankakwera sitima yomweyo kupita kusekondale.

Komabe mtsinje udali ndi zake. Akuluakulu a kunyanja adamvapo kwa makolo awo za zaka zija, kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935, pamene nyanja idatsika kwambiri moti Shire adaleka kutuluka bwino, anthu n'kumalima m'mene kale mudali madzi. Kuchigwa nakonso anthu adalowerera m'madambo natsegula madimba. Nyanja itadzazanso madzi adabwerera n'kumiza minda yambiri. Paja akulu adati madzi saiwala khwawa. Mu 1948 mlatho wa Chiromo udakokoloka, moti njala ya 1949 idapeza njanji ili yoduka, ndipo mlatho watsopano udatha mu 1950. Kenaka mu 1997 madzi adadula chimtumbira chimene padadutsa njanji ndi msewu pakati pa Chiromo ndi Bangula, n'kutsegula khwawa latsopano lalikulu. Anthu adapatcha pamalopo kuti Mtayamoyo, ndipo dzina lokhalo likunena zonse. Kwa zaka zoposa 25 aliyense wochokera ku Makhanga kupita ku Bangula, kaya ndi mayi wodwala, mphunzitsi wokatenga malipiro kapena mwana wa sukulu, wakhala akuoloka pamenepo pa bwato, ndipo bwatolo n'lolipira.

Sitima ya anthu yochokera ku Limbe kudzera ku Luchenza, Sandama ndi Thekerani idapitirira kufika pa Makhanga kamodzi pa sabata, ndipo ndiyo idali chingwe chomangirira deralo ku dziko lonse. Chingwecho chidaduka mu Januwale 2015. Mvula itagwa masiku angapo osakata m'mapiri a Mulanje ndi Thyolo, Ruo adabwera ndi mphamvu yoopsa, adasiya njira yake yakale n'kudzitsegulira ina kumpoto kwa Makhanga, kulowera ku dambo. Njanji idapindika ngati waya, midzi yathunthu idakwiririka ndi mchenga, ndipo Makhanga adasanduka chilumba. Anthu adagona m'mitengo, pa zulu ndi pa madenga, ana ali kumbuyo kwa amayi awo, kudikira mabwato a asilikali ndi helikopita. Pa 13 Januwale boma lidalengeza kuti maboma 15 agwidwa ndi tsoka. Chiwerengero cha boma chidati m'dziko lonse anthu 106 adamwalira, 172 adasowa ndipo pafupifupi 230,000 adasowa pokhala. Ambiri mwa osowawo adali a ku Nsanje.

Kuchokera pamenepo madzi sadapereke mpata. Mu Marichi 2019 kudabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 kudabwera Ana, patangopita masabata owerengeka kudabweranso Gombe, ndipo mu Marichi 2023 kudafika Freddy, amene adapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndi kuchotsa pakhomo anthu oposa 650,000. Tangowerengani nokha. Mwana amene adabadwira m'hema mu Januwale 2015, pofika nthawi ya Freddy adali ndi zaka 8, ali Sitandade 2 kapena 3, koma adali atathawitsidwa kale madzi kanayi kapena kasanu. Mwana wotere akamva mabingu kumbali ya Mulanje samaganiza za bowa kapena ngumbi monga anzake a kumtunda. Amayang'ana nkhope ya mayi ake.

TSIKU LIMAYAMBA KUSADACHE

Chigwa cha Shire ndiye malo otsika kwambiri m'dziko lino, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. A ku Mangochi ndi Salima amadzitama kuti kwawo kumatentha, koma iwo ali ndi kamphepo ka panyanja. Kuchigwa usiku anthu amayala mphasa panja chifukwa m'nyumba simugoneka, ndipo udzudzu wochokera m'dambo umawapeza pomwepo. Choncho ntchito iliyonse yolemetsa imagwiridwa tambala atangolira, dzuwa lisadakwiye.

Mtsikana amayamba ndi madzi. N'zodabwitsa kuti m'dziko la madzi ochuluka chotere, madzi akumwa ndiwo amavuta. Mijigo ina ya m'chigwa imatulutsa madzi amchere, ina imakwiririka ndi matope chigumula chikadutsa, ndipo zitsime zimasakanikirana ndi zimbudzi zogumuka. Mjigo ukafa mtsikanayo amatenga ndowa kupita kumtsinje, ndipo kumtsinjeko kuli ng'ona. Ana a kumeneko amaphunzitsidwa adakali aang'ono kuti asamatunge pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, asamafulatire madzi, ndipo asamapite kudooko okha kukachita chisisira. Ngakhale zili choncho, palibe mudzi wa m'mbali mwa Shire umene sudziwa banja lomwe lidalira maliro opanda mtembo.

Mnyamata amapita ndi bambo ake kudambo. Kumpoto kwa Makhanga kuli dambo lalikulu limene azungu adalitcha Elephant Marsh, popeza David Livingstone atadutsa kumeneko mu 1859 adawerenga njovu pafupifupi 800. Lero njovu kulibe, kwatsala mvuu, ng'ona, mbalame zosawerengeka ndi nsomba, ndipo mu 2017 dambolo lidalembedwa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse. Bwato kumeneko amati mwadiya. Mwana wa zaka 10 amadziwa kale kulipalasa ndi mponda m'tinjira ta pakati pa bango ndi gumbwa, amadziwa kutchera mono ndi kuonjola ukonde, ndipo akakula pang'ono amaphunzira kuponya chavi ataimirira m'bwato osagwa. Nsomba zake ndi milamba ndi makakana. Msodzi wa kunyanja amene adazolowera usipa, utaka ndi nyali za usiku angasokonezeke m'dambo limeneli, koma vuto la mwana ndi limodzimodzi: amene wagona pamadzi mawa lake amaodzera m'kalasi, ndipo amene walawa ndalama ya nsomba amayamba kuona ngati mphunzitsi akumuchedwetsa.

Mapira ndi mchewere zikamacha, ana ndiwo amakhala pansanja tsiku lonse kupirikitsa mbalame ndi zitini ndi malegeni. Chimanga cha kudimba chikabereka, anyamata amagona m'zisakasa kuyatsa moto ndi kuimba zigubu kuti mvuu zisalowe, poti mvuu imodzi ikhoza kumaliza munda usiku umodzi. Ena amaweta ng'ombe ndi mbuzi. Palibe amene amati zimenezi ndi nkhanza; ndi momwe banja limadyera.

Tisaganize kuti ana amenewa amangokhalira kulira. Amasambira ngati nsomba, amamenya mpira wachikulunga pamchenga umene Ruo adasiya, amaumba ng'ombe zadothi, ndipo mwezi ukawala valimba akalira, kapena atsikana akayamba utse, mudzi wonse sugona. Mlendo akafika amathamangira kukamulandira katundu. Munthu amene adawaonapo akuseka pa dooko amavutika kukhulupirira kuti ndi omwe aja adawaona pa chithunzi atafola ndi mbale pa msasa.

NYIKA

Chaka chabwino dimba limadyetsa banja. Madzi akaphwa amasiya matope achonde ndi chinyontho chokhalitsa, ndipo anthu amabzala chimanga, nyemba, mbatata ndi maungu popanda feteleza, n'kukolola pamene a kumtunda nkhokwe zawo zayamba kupepuka. Koma chigwachi chili ndi adani awiri osinthana: chaka china madzi amachuluka n'kukokolola zonse, chaka china mvula imadula, dzuwa n'kuotcha mbewu zili m'maondo. Zidatero mu 2016, patangopita chaka chimodzi chigumula chachikulu chija chitachitika, ndipo zidateronso mu 2024 pamene boma lidalengeza za tsoka la chilala m'maboma 23 mwa maboma 28.

Zikafika pamenepo anthu amalowa m'dambo kukafuna nyika. Nyika ndi timizu tozungulira ta maluwa a m'madzi aja masamba ake amayandama pamwamba. Kuti munthu aipeze amalowa m'madzi ofika m'chifuwa kapena m'khosi, amafufuza ndi zala za kumapazi m'matope, kenaka n'kumira kukazula. Kunyumba amaiphika n'kusenda, kapena kuiyanika n'kusinja kuti apeze ufa. Siikoma kwenikweni ndipo siikhalitsa m'mimba, koma imagoneka ana. Ntchito imeneyi kawirikawiri ndi ya amayi ndi ana okulirapo, ndipo amaigwira m'madzi momwe muli ng'ona ndi misundu. Mphunzitsi wa m'chigwa safunika kuuzidwa kuti kumidzi kwayamba nyika. Amaonera mabenchi opanda anthu. N'chifukwa chake phala la kusukulu, limene bungwe la World Food Programme ndi mabungwe ena akhala akupereka m'sukulu zambiri za ku Nsanje ndi Chikwawa, silili nkhani yaing'ono. Kwa ana ena kapu imeneyo ndiyo chakudya choyamba, mwinanso chomaliza, cha tsikulo.

SUKULU IMENE IMASANDUKA MSASA

Maphunziro a pulayimale aulere atayamba mu 1994, ana a sukulu m'dziko muno adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo a ku Makhanga adalowa nawo. Koma kuchotsa fizi n'kosavuta kusiyana ndi kuchotsa mtsinje. M'midzi yotere nyumba ya njerwa zootcha ndi malata imene ili pokwererapo ndi sukulu, choncho madzi akabwera aliyense amathawira kumeneko. Sukulu ya pulayimale ya Makhanga idasunga anthu ochuluka zedi mu 2015, ngakhale kuti nayonso madzi adailowa. Makalasi akasanduka zipinda zogona, maphunziro amaima masabata kapena miyezi. Mabuku amanyowa n'kumatana, makope a ana amapita ndi madzi limodzi ndi yunifolomu, ndipo madesiki ena amathera pamoto wophikira, chinthu chimene munthu sangachidzudzule kwambiri ngati sadagonepo ndi ana anjala pamalo opanda nkhuni youma.

Vuto ndi lakuti miyezi ya Januwale mpaka Marichi ili pakatikati pa chaka cha sukulu. Mayeso a Sitandade 8 ndi amodzi dziko lonse, tsiku lake ndi limodzi, mafunso ake ndi amodzi. Mwana wa ku Makhanga amene wataya miyezi iwiri amapikisana ndi wa ku Zomba amene sadajombepo. Akalephera timati alibe nzeru. Aphunzitsi nawonso ndi anthu, ali ndi mabanja ndi katundu. Ambiri akatumizidwa kutsidya la kum'mawa amayamba kulemba makalata opempha kusamuka asadamasule n'komwe katundu. Amene amapirira n'kukhala zaka zambiri kumeneko ndi anthu oyenera kuvulidwa chipewa.

Palinso nkhani ina imene makolo a ku Mangochi ndi Machinga aimvetsa msanga. Ana ambiri a ku Makhanga kunyumba amayankhula Chisena, ena Chimang'anja. Mwana amene wakula akuti "pinthu" ponena zinthu, ndi "takhuta" pothokoza, amafika m'kalasi n'kupeza kuti buku lili m'Chichewa ndi m'Chingerezi, monga momwe mwana wa ku Makanjira amasiyira Chiyao chake pakhomo la kalasi. Chichewa chidakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo kwa zaka zambiri Asena ena akafika m'tauni ankabisa chiyankhulo chawo poopa kusekedwa. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, wailesi ya MBC idayamba kuulutsa nkhani m'Chisena ndi m'Chiyao, ndipo mu 1996 unduna wa maphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Lamulolo lidathera papepala poti mabuku ake sadafike m'makalasi, ndipo patapita zaka boma lidatembenukira ku Chingerezi. Mwana wa zaka 6 amene wangokhala chete kumbuyo kwa kalasi nthawi zambiri si wopusa ayi, akungoyesa kumva zimene zikunenedwa.

KUDWALA KUTSIDYA

Malungo ndiwo mdani wamkulu wa ana aang'ono m'chigwa. Likodzo nalo lili ponseponse, moti monga zimakhalira m'midzi ina ya kunyanja, anyamata ena amakula akuganiza kuti kukodza magazi ndi chizindikiro cha kukula. Madzi akasefukira kumabwera kutsekula m'mimba ndi kolera. Mu 2015 ku Nsanje kudaperekedwa katemera wakumwa wa kolera kwa anthu a m'misasa ndi midzi yoyandikira, ndipo mliri waukulu wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sudalambalale bomali. Chosangalatsa n'chakuti dziko la Malawi litakhala loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu Epulo 2019, Nsanje ndi Chikwawa adali m'gulu la maboma 11 oyambirira, limodzi ndi Mangochi ndi Machinga.

Koma katemera amafuna kuti mwana abwere kangapo pa masiku oikika, ndipo amafuna firiji. Chipatala chaching'ono cha Makhanga chidalowedwa madzi ndi matope kangapo. Mu 2019 madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières adachita kufika pa bwato kudzachiyeretsa ndi kuthandiza anthu pafupifupi 18,000 amene adatsekeredwa m'deralo. Matenda akakula, chipatala chachikulu chapafupi ndi Trinity ku Muona, cha mpingo wa Katolika. Chipatala cha boma cha Nsanje chili tsidya lina la Shire, ndipo kuti ukafikeko uyenera kuoloka kupita ku Bangula kenaka n'kukwera galimoto, apo ayi kuzungulira ulendo wautali pa msewu wotulukira pa Thabwa. Mwana akayamba kukomoka ndi malungo pakati pa usiku mu Febuluwale, bambo amayamba wadzutsa mwini bwato, kukambirana mtengo, kenaka kufuna wa kabaza tsidya linalo. Ana ena amafika. Ena amathera panjira, ndipo saoneka m'kaundula wa chipatala chilichonse.

Za atsikana tingonena mwachidule, poti ndi nkhani yofuna tsamba lakelake. Lamulo la 2015 lidati munthu asakwatiwe asadakwane zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane nalo. Koma pa msasa pamene mabanja ambiri agona m'chipinda chimodzi, popanda nyali, popanda bafa lotseka, mtsikana wa zaka 14 amakhala pangozi usiku uliwonse. Ndipo banja likabwerera pabwinja popanda mbuzi, popanda mbewu, munthu wobwera ndi thumba la chimanga kudzafunsira mbeta amaoneka ngati mpulumutsi. Mafumu ndi magulu a amayi akhala akuthetsa maukwati otere n'kubwezera ana kusukulu, ndipo akulimbananso ndi miyambo yoika ana pachiswe monga kusasa fumbi. Koma kubwezera mtsikana kusukulu imene ilibe denga, kunyumba kulibe ufa, ndi ntchito yofuna kubwereza chaka ndi chaka.

"BWANJI OSANGOSAMUKA?"

Funso limeneli limamveka m'minibasi ndi pa wailesi chaka chilichonse, ndipo kawirikawiri limatsagana ndi chipongwe chakuti anthu a kuchigwa amakonda zolandira. Kunena zoona, mawu amenewa amanenedwa ndi anthu okhuta. Palibe mayi amene angagoneke mwana wake mumtengo usiku wonse pamwamba pa madzi chifukwa chofuna bulangete ndi ndowa ya pulasitiki. Chimene chimawasunga anthu ku Makhanga ndi dothi. Kumtunda, m'munsi mwa mapiri a Thyolo, nthaka ndi yamiyala, ili kale ndi eni ake, ndipo popanda feteleza siibereka. Kumunsi kuli dimba, kuli nsomba, kuli manda a makolo, ndipo nyakwawa ikasamukira m'dera la inzake imasanduka munthu wamba. Tiyeneranso kukumbukira kuti anthu omwewa ndi amene adalandira abale awo othawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, pamene ku Nsanje othawa kwawo adachuluka kuposa eni dera, nagawana nawo minda ndi nkhuni mpaka mtendere utabwera mu 1992. Si anthu osadziwa kupatsa.

Nkhani yotere si ya kuno kokha. Ku Philippines, pa zilumba za Palawan, kuli mtundu wa anthu otchedwa Tagbanua amene ena mwa iwo moyo wawo ndi wa usodzi. Mu 1998 a Tagbanua a pa chilumba cha Coron adapatsidwa chikalata chovomereza kuti chilumbacho pamodzi ndi madzi ochizungulira ndi cholowa cha makolo awo. Chikalatacho sichidaletse namondwe wa Haiyan kugwetsa nyumba zawo mu Novembala 2013, koma pomanganso ankadziwa kuti pamene akusodza ndi pawo. Munthu wa ku Makhanga akauzidwa kuti asamuke, funso lake loyamba limakhala lomwelo: dimba langa likhala la yani, ndipo ana anga adya chiyani?

Ife a kunyanja nkhaniyi idatiyandikira mu 2024. Nyanja idakwera kuposa zaka zambiri zapitazo, idamiza nyumba, minda ndi malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena, ndipo ku Nkhotakota mtsinje wa Dwangwa udasefukira n'kusiya mabanja ambirimbiri m'misasa. Anthu adayamba kupempha kuti zitseko za damu la Kamuzu pa Liwonde, limene lidamangidwa mu 1965, zitsegulidwe kwambiri kuti madzi atsike. Pempholo lidali lomveka kwa munthu amene madzi ali pakhonde. Koma oyang'anira madzi adayenera kuganizanso za makina a magetsi ndi za anthu a kumunsi, chifukwa dontho lililonse lotuluka pa Liwonde limakathera ku Chikwawa ndi Nsanje, pakhomo pa mwana wa ku Makhanga.

Freddy atadutsa, nyumba ya malamulo idavomereza lamulo latsopano loyendetsera ngozi zogwa mwadzidzidzi mu 2023, ndipo boma kudzera ku nthambi yoona za ngozizi lidalimbikitsa ntchito yosamutsira mabanja a ku Makhanga ku malo okwera. Nthawi imeneyi anthu ambiri amene kale ankakana adavomera, poti adali ataona zokwanira. Kumtundako mwana amagona osaopa madzi, ndipo chimenecho si chinthu chochepa. Koma malo amene banja limalandira kawirikawiri amakwana nyumba, khitchini ndi chimbudzi, munda ayi. Sukulu ndi mijigo za m'midzi yowalandira zidamangidwira anthu ochepa, ndiye kalasi imene idali yodzaza kale imalandiranso ana ena, ndipo mzere wa pa mjigo umatalika.

Choncho mabanja ambiri ali ndi makomo awiri. Cha mu Epulo ndi Meyi, madzi akayamba kuphwa, bambo ndi mayi amanyamula makasu, mbewu ndi mphika kutsikira kudimba, amazika chisakasa n'kukhala komweko masabata angapo, popeza mtunda wake si woyenda m'mawa n'kubwerera madzulo. Ana aang'ono oyamwa amapita nawo. Otsalawo amasiyidwa m'manja mwa agogo ngati alipo, apo ayi m'manja mwa mwana wamkulu, amene amaphika, kutunga madzi, kusambitsa azing'ono ake ndi kuwaperekeza kuchipatala akatentha thupi. Ntchito ya kudimba ikachuluka, iyenso amaitanidwa kuti akathandize kubzala chinyontho chisadathe. Kawirikawiri mwana wamkuluyo ndi mtsikana wa zaka 13 kapena 14, ndipo miyezi imeneyi ndi yomwe anzake a Sitandade 8 m'dziko lonse akubwereza masamu ndi sayansi pokonzekera mayeso.